Mlembi Amene Ankadikiridwa

Tsiku limene zotsatira za mayeso a sekondale zinatuluka, mtsikana wina anayang'ana ndandanda katatu koma dzina lake silinaoneke. Sanalire pagulu. Anangobwerera ku shopu ya azakhali ake yosindikiza mapepala, n'kukhala kuseri kwa makina a fotokope.

Azakhaliwo ankamutcha Chetechete, chifukwa ngakhale kasitomala amuponde phazi, wopepesa ankakhala iyeyo.

Pakona pa shopuyo panali kompyuta yakale, yolira ngati ili ndi chifuwa. Makasitomala akachepa, Chetechete ankaphunzirapo yekha kulemba mapulogalamu. Chaka chinatha, chachiwiri n'kuyamba.

Mayina a makasitomala ankawasunga mu pulogalamu ina yosungira deta. Inali pulogalamu yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ankaloledwa kuona m'kati mwake. Tsiku lina anazindikira kuti akamalowetsa mayina ambiri nthawi imodzi, dzina lokhala ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja, konga ka mu mawu oti ng'ombe, linkaduka pakati. Anafufuza milungu isanu mpaka anapeza mzere wolakwika, n'kuukonza.

Zokonza zoterezi eni ntchitoyo amazitcha chigamba.

"Chigamba?" anaseka azakhali atawauza. "Kompyutayi yang'ambika kumbuyo ngati buluku la amalume ako?"

Chetechete anatumiza chigambacho kwa eni pulogalamuyo. Pa intaneti panali tsamba losonyeza pamene chigamba chilichonse chafika. Cha iye poyamba chinalembedwa kuti "chikufunika kuunikidwa". Patatha masiku anayi mawuwo anasintha, n'kukhala "tikudikira mlembi".

M'munsi mwake munthu wounika analemba kuti: "Ganizo ndi labwino. Mlembi awonjezere mayeso awiri otsimikizira kuti chigambachi chikugwira ntchito, afupikitsenso mzere wachitatu."

Chetechete anawerenga ndipo anagwedeza mutu mwaulemu. Kwa iye mlembi anali bwana wamkulu amene anayambitsa pulogalamu yonseyo, munthu wa madigiri ndi magalasi okhuthala. Anthu otere sathamangitsidwa. Iye anangoti adikire nawo.

M'mawa uliwonse, asanapukute n'komwe fumbi pa makina, ankatsegula tsambalo. Tikudikira mlembi. Zigamba za anzake zinkayenda, zina n'kulowa ndithu mu pulogalamu, chake chili njo pamalo amodzi. Choopsa chinali lamulo lolembedwa pamwamba pa tsambalo: mwezi ukatha, chigamba chilichonse chimene chikudikirabe mlembi chimachotsedwa pa ndandanda.

Kutatsala masiku atatu, azakhali anamupeza atagwira tsaya.

"Iwe, mapepala a kasitomala wawatulutsa chadodolido. Chikukudya n'chiyani?"

"Mlembi sakubwera, azakhali. Achichotsa chigamba changa."

"Ndiye wafunsa kuti ali kuti mkuluyo?"

"Ndingafunse bwanji? Ndi anthu akuluakulu."

"Akuluakulu sadya anthu. Safunsa anadya phula, mwana iwe. Lemba pompano, ine ndaima pano."

Analemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Pomaliza anatumiza mzere umodzi wokha: "Pepani posokoneza, kodi mlembi amene tikumudikirayu angapezeke mwezi usanathe?"

Yankho linafika azakhali asanachoke n'komwe pamene anaima.

"Mlembi ndinu. Chigambachi munalemba ndinu. Takhala tikudikira inuyo milungu itatu!"

Chetechete anawerenga kawiri, kenako anaphimba nkhope ndi manja. Azakhali atamva tanthauzo lake anaseka mpaka kutsamira makina a fotokope, makinawo n'kuyamba kulavula mapepala opanda kanthu.

"Ha! Ndiye bwana wamkulu tinkamuopayu ndi uyu amadya zotsala zangayu? Takulandirani, a Mlembi! Tikupatseni mpando?"

Mtsikanayo anaseka nawo, misozi ili mbwembwembwe. Chigwereni mayeso, palibe anali atamutchulapo ndi dzina la ntchito iliyonse.

Koma masiku anali atatu basi. Azakhali anatenga okha ntchito ya pa kauntala, n'kumauza makasitomala kuti, "Tsitsani mawu, muno muli mlembi." Tsiku loyamba Chetechete analemba mayeso awiri aja. Wounika anabweza: amodzi mwa mayesowo sankagwira ntchito. Tsiku lachiwiri anakonza, ndipo ulendo uno pamene sanamvetse anafunsa yekha, osadikira kukankhidwa. Tsiku lachitatu masana, tsamba linasintha: "chakonzeka kulowa". Dzuwa lisanapendeke linasinthanso, n'kutsala liwu limodzi lobiriwira: "chalowa".

Chetechete, yemwe anthu oyandikana nawo ankamuyesa wosalankhula, anakuwa mpaka telala wa shopu yapafupi anathamangira kudzaona ngati kwabuka moto.

Lero mtsikanayu amaunika nawo zigamba za ena. Akaona cha munthu watsopano chitaima nthawi yaitali, amamulembera mofatsa kuti, "Mlembi amene akunenedwa apa ndinu, musachite mantha."

Inu amene mukuwerenga, mwina pepala lina linakuuzani kuti simungathe, ndipo mwakhala phee kudikira kuti munthu wamkulu abwere adzamalize zimene munayamba. Dzukani mukafunse. Mtima usagwe, pitirizani, chifukwa n'kutheka kuti amene akudikiridwayo ndinu.