Mwana Wachitsulo wa Amayi

Linali Lachiwiri m'mawa. Amayi ankasoka diresi ya mkwatibwi wina wa m'mudzi mwathu, pafupi ndi Kobwe, tsidya la nyanja ku Mozambiki. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ntchito yanga inali kupukusa makina ndi dzanja, iwo akuwongolera nsalu.

Makinawo anali atangotha miyezi inayi m'nyumba mwathu. Amayi anayanika usipa zaka zitatu, anagulitsanso mbuzi zawo ziwiri, ndalama yonse n'kukapereka kwa telala wina wokalamba amene maso anali atayamba kumuvuta. Bambo ankafuna ndalamayo igule ukonde. Anati chitsulo sitingadye, ndipo sabata yathunthu ankadya ali duu. Amayi sanali munthu wa makani a pakamwa. Ankangochita zimene aganiza.

Mfuti zinayamba kulira kumtunda, kumene kunali minda. Bambo ndi achimwene anga a Yohane anali komweko chilawirire. Poyamba ndinkayesa munthu akukhoma malata. Kenako ndinaona utsi ukukwera kusukulu.

Amayi anadula ulusi ndi mano, n'kumasula makinawo pathebulo. Ine ndinatola bulangeti ndi poto. Mpaka lero sindidziwa kuti potoyo ndinkati ndiphikamo chiyani.

Kugombe kunali boti limodzi lokha la injini, la msodzi wina dzina lake a Saidi. Anaima m'madzi ofika m'chiuno akubweza katundu wa anthu. Anati akweza anthu okha basi. Njinga, mawailesi ndi matumba a ufa zinali mbwee pamchenga. Poto wanga anathera pomwepo.

Amayi anandikokera kuseri kwa bwato lina lowola. Anakulunga makina m'bulangeti, n'kundiuza kuti ndiwakweze kumsana kwawo. Anawabereka ndi chitenje, mfundo pachifuwa, monga anatiberekera ife. Pamwamba anafunditsapo diresi yosatha ija, ngati akuteteza khanda ku dzuwa. Kwathu mwamuna sasuzumira m'mbereko ya mkazi wa mwini. A Saidi anatigwira dzanja, natikweza.

Tinayang'ana kumtunda mpaka nyumba zinasiya kuoneka. Bambo ndi achimwene sanatulukire.

Titadutsa chilumba cha Chizumulu kunayamba mwera. Madzi ankalowa m'boti, amuna akukapa ndi zipewa ndi mbale. A Saidi analamula kuti aliyense amene wabisa kanthu ataye. Anthu anatulutsa timitolo m'malaya, wina nkhwangwa, wina simbi ya makala. Amayi anakhala njo, maso kutsogolo. Ine ndinachita mantha kwambiri. Ndinkadziwa kuti zikadziwika, makinawo apita pansi pa nyanja, ndipo kumene tikupitako tikafika opanda chogwira. Ndinkadziwanso kuti kulemera kwakeko kukuika miyoyo ya anthu pachiswe. Zonse ziwiri zinali zoona.

Pambali pa amayi panakhala mayi Rozina, ogulitsa mowa a m'mudzi mwathu, munthu wosasunga chinsinsi cha aliyense. Anafunsa chifukwa chake mwanayo sakulira ngakhale kuyamwa. Amayi anati wagona. Funde lina litawagwetsera pamsana pa amayi, dzanja lawo linagunda gudumu lachitsulo. Anawayang'ana amayi nthawi yaitali. Ine ndinati basi zatha. Koma mayi Rozina anakonza diresi ija bwinobwino, n'kuyamba kusisita bulangetilo akuimba chamumtima nyimbo yogonetsera mwana.

Tinafika pagombe la Sanga, kufupi ndi Chintheche, cha m'ma folo koloko. Amayi a kumeneko analowa m'madzi kudzatilandira, akuyankhula Chitonga chimene nthawi imeneyo sindinkachimva. Mawu amodzi okha ndinawamva: mwana. Kumeneko mlendo akafika wotopa, choyamba amamulandira mwana. Mayi wina wamkulu thupi anamasula mfundo ija amayi asanakane, natchera manja. Kulemera kwake kunamukhazika pansi m'madzi, makina ali pamiyendo. Gombe lonse linafa nacho chiseko, ngakhale anthu amene analira ulendo wonse.

A Saidi okha sanaseke.

"Mayi, mwana wanuyu akanatimiza tonse," anatero.

"Ndikudziwa, bambo. Mundikhululukire. Simudzagulanso malaya ine ndili moyo."

Bulawuzi ya amayi inali itamatirira kumsana ndi magazi. Zipsera ziwiri zimene makinawo anawasiyira anapita nazo kumanda.

Mwini sitolo wina ku Chintheche anatilola kukhala pakhonde pake. Masiku amenewo lamulo silinkalola akazi kuvala zoonetsa mawondo, ndipo atsikana amakula msanga kuposa madiresi awo. Amayi ankamasula mipendero, kapena kulumikiza kansalu kena m'munsi mwaluso moti munthu ankayesa ndi sitayelo. Akazi a aziphunzitsi ndi a apolisi anayamba kuuzana. Kenako kunabwera mayunifolomu a ana asukulu ndi mabulawuzi oyera a amayi a kumpingo.

Ine ndinkati tsopano tiyamba kudya bwino. Ayi ndithu. Ndalama ikalowa, amayi ankakwera basi kukaoda nsalu, ife n'kumadya kondowole wa chigwada, masamba a chinangwa, tsiku ndi tsiku, nyanja ya nsomba ili pomwepa. Ndinkawada nazo, ndipo ndinkawauza. Ankangondiyankha kuti ndipukuse. Chaka chisanathe anagula makina achiwiri, opalasa ndi miyendo, ndipo achitsulo aja anakhala anga.

Tsiku lina anatenga ndalama zonse zimene zinali m'chitini, n'kupita nazo kwa a Saidi. Anawapempha kuti agule mafuta, awoloke, akafunse za bambo ndi achimwene. Panalibe amene ankadziwa ngati ali moyo. Mwini sitolo uja anati kumeneko n'kuponya ndalama m'nyanja. A Saidi nawonso anakana kawiri. Kachitatu anavomera, atavala malaya amene amayi anawasokera.

Tinadikira masiku atatu. Amayi sanaphonye ntchito ngakhale tsiku limodzi, koma ndinaona akusoka mkono wa bulawuzi chagada, n'kumasula, n'kusokanso chagada.

Boti linabwera Loweruka masana litadzaza anthu a kwathu amene ankabisala m'mapiri. Bambo anatsika omalizira, opanda nsapato, ataonda moti ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha. Ndinathamanga m'madzi ndi zovala. Sindinasangalalepo choncho m'moyo wanga wonse.

Achimwene a Yohane munalibe. Bambo anati anthu amfuti aja anawatenga tsiku lomwe lija kuti awasenzere katundu, ndipo palibe anawaonanso.

Amayi anali atasokeratu malaya awiri a nsalu imodzi. Bambo anavala awo pomwepo pamchenga. Enawo anakhala pahang'ala m'shopu yathu, imene patapita zaka inadzakhala ndi makina asanu ndi chitseko chakechake. Anthu ankawafuna kawirikawiri, poti anasokedwa bwino. Amayi ankayankha kuti ali ndi mwini wake.