Pa Chithunzi cha Kwaya Ndinasiyapo Chigongono Chokha

Ndinayambitsa ndine, zimenezo sindikana. Ndikulemba izi msana ukuwawa, manja atachita matuza, ndiye inu owerenga mumvetsere bwino.

Kwathu ku Namitambo, aliyense amene chithunzi chamukanira pa intaneti amabwera kwa ine, poti ndili Fomu 3 ndipo za foni ndimazitha. Ndimakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi kusaka netiweki, dzuwa likundiwamba, zikomo osamumva. Zimatopetsa.

Chaka chino kwaya ya mpingo wathu inalembetsa mpikisano wa ku Njuli. Lamulo linali lakuti kwaya itumize pa webusayiti chithunzi cha oyimba onse, ndipo amene sali pachithunzipo asayimbe, chifukwa makwaya ena ankabwereka oyimba kwina. Amalume, omwe amatsogolera kwayayo, anayesa kutumiza, koma webusayiti inkangoti chithunzi chakula kwambiri. Anandiitana: "Iwe, tachepetsa ichi chilowe."

Njira yabwino ndimaidziwa. Pali kapulogalamu kamene kamapeputsa chithunzi popanda kuchotsapo munthu. Koma nditayang'anitsitsa, kumapeto kwa mzere kunaima mayi Nangondo, oyambitsa nyimbo zonse, omwewo amene anakandinenera kwa amayi kuti anandiona ku kanema ku Namadzi nthawi ya sukulu. Ndinadula chithunzicho cha kumbali kwawoko. Chinapepuka, chinalowa. Amalume anangoona chizindikiro chobiriwira n'kunditcha katswiri. Chithunzicho sanachitsegulenso.

Tsiku la mpikisano, bambo wina pakhomo ankafananitsa nkhope za oyimba ndi za pa laputopu. Atafika pa mayi Nangondo anapukusa mutu. Pachithunzi panangotsala chigongono chawo.

"Chigongono ichi n'changa!" anakuwa mayiwo, akuchikweza m'mwamba.

"Mayi, chigongono sichiyimba," anayankha bamboyo.

Ine ndinathawira kuseri kwa galimoto kukaseka. Kwaya inalowa popanda iwo, nyimbo inayambira pamwamba, mawu n'kuthera panjira. Tinakhala omaliza. Mayi Nangondo anakhala panja pamwala, atavala yunifomu yosoka okha, akuyimba chapansipansi nyimbo yonseyo mpaka kumapeto. Pamenepo kuseka kunachepako, ngakhale sikunatheretu.

Amalume sanavutike n'kufufuza. Foni anandilanda, n'kundilamula kuthirira tomato kudimba kwa mayiwo tchuthi chonse. Madzi ali kutali, ndowa n'zolemera. Koma tomatoyo ndimadyako.

Inu owerenga, munthu akakuchepetserani chithunzi, chitseguleni muwerenge mitu musanamuthokoze. Ndipo ngati munanenerapo mwana wa mwini, pojambulitsa musamaime kumapeto.

Dzulo mayi Nangondo anabwera kudimba ndi foni yanga ija, ataitenga kwa amalume. Akuti chithunzi cha mwana wawo chikukana kulowa pa webusayiti ya kumene akufunsira ntchito. Chulu chija tinakwera tonse awiri. Anandigwira khutu osalisiya mpaka chithunzicho chinalowa, mwanayo makutu ake onse alipo pachithunzipo.