Mwala wachitatu wa a Eusebio Corchado

A Eusebio Corchado anayamba kusema miyala adakali ndi tsitsi kumutu, ndipo m'tauni yathu yaing'ono kuno ku Extremadura aliyense amawadziwa kuti ndi munthu wosayankhulayankhula. Koma mukafuna kuwaona atafiira maso, ingotchulani za mwala wamaziko.

Kuno chisankho cha nyumba ya malamulo ya chigawo chikayandikira, akuluakulu amabwera atavala zipewa zoyera za amisiri, n'kukwirira kabokosi ka nyuzipepala ya tsikulo ndi timakobidi, pamwamba n'kukhazikapo mwala wolembedwa mayina awo. Amawomba m'manja, n'kudya nyama ya nkhumba ndi vinyo, basi ulendo. Kuseri kwa msika, pomwe anati pamangidwa chipatala cha impso, a Eusebio anasemerapo miyala yotere kawiri. Mpaka lero pamadya nkhosa za mnzawo, a Fermín.

Chonsecho akazi a Eusebio, a Casilda, impso zinaleka kugwira ntchito. Amakatsukitsa magazi pamakina kumzinda, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo akabwerako amangofikira pabedi osavula ndi nsapato zomwe.

Ndiye chaka chino a Eusebio anachita zomwe kumtundu kwawo sizinachitikepo. Chipani chomwe bambo awo anachimenyedwera ndi apolisi anachitaya, n'kuvotera cha enawo, poti mayi woimira chipanicho anawagwira dzanja pamsika n'kulumbira kuti chipatala chimangidwa. Komwera khofi anzawo analeka kuwasungira mpando.

"Achimwene, mpaka kugulitsa bambo anu chifukwa cha njerwa?" anatero a Fermín.

"Iwe dyetsa nkhosa zako. Msipu ukutha umenewo."

Enawo anapambanadi, boma la chigawo n'kusintha. Choyamba chimene anachita n'kuimitsa galimoto yonyamula odwala, ati mwini wake ndi mlamu wa nduna yakale, ayambe afufuza kaye. A Casilda anayamba kukwera basi. Kenako kuntchito kwa a Eusebio kunatulukira bambo wina wa taye wochokera ku boma latsopanolo.

"Bambo Corchado, mukazule mwala uja kuseri kwa msika, mutisemere wina."

"Wawola?"

"Uli ndi mayina a anthu aja. Mapulani awonso tawataya, tiyambiranso. Koma musadandaule, zaka zathu zisanathe tikhala titayamba kukumba."

Anthu opanda manyazi ngati amenewa sindinawaone. Mwalanso n'kukhala ndi chipani? A Eusebio anayang'ana nyundo inali m'manja mwawo n'kuiika pansi bwinobwino, poopa ndende. Kenako anamupirikitsa mkuluyo mpaka pamsewu akumutukwana iyeyo, chipani chake, chipani chakale chija, ngakhalenso dzanja lawo lomwe linaponya voti.

Atalowa m'nyumba anapeza a Casilda ali pampando, miyendo yotupa atayisanjika pandowa. Zonse anali atazimva.

"Sindisema," anatero a Eusebio. "Akasemetse kwa amayi awo."

"Kasemeni. Mukakana apereka kwa wina, ndiye basi ija ndizikwera ndi chiyani?"

A Eusebio ankangopumira m'mwamba. A Casilda anawakoka malaya kuti akhale pansi.

"Koma pokagula mwala wawowo mugule iwiri, winawo wosalala bwino. Ine chipatalacho sindichiona. Dzina langa pamanda ndikufuna mulembe inuyo, manja anu asanayambe kunjenjemera."