Maso a Mulenga Chitalu

A Fryson Kalekeni adafika ku Washington mu 1972 kudzaphunzira pa yunivesite ya ku Foggy Bottom. Kwawo ku Dedza ankasewera kumbuyo mu timu ya sekondale, koma mpira wa kuno, wogwira m'manja ndi kugwetsana uja, poyamba ankauona ngati ndewu ya anthu ovala zipewa. Ganyu ndiye adawaphunzitsa. Timu ina yaikulu inkafuna munthu woyendetsa makina oonetsera mafilimu a masewero a m'makoleji, ndipo iwo adakhazikika pa makinawo, akulawira kuchokera ku Hyattsville tsiku ndi tsiku.

Mtima wawo udagwa pa makonabaki. Kwa amene sadziwa, konabaki ndi wotchinga wa m'mphepete mwa bwalo, amene amathamanga chafutambuyo kulondola mdani wofuna kuwakha mpira. A Kalekeni ankabweza filimu kangapo kuona m'mene munthu akutembenuzira chiuno, koma maganizo awo ankangosunga. Ntchito yawo inali makina.

Mu 1984, kutatsala masabata awiri kuti matimu asankhe osewera a m'makoleji, bwana wa ofufuza osewera adachotsa dzina lina pa bolodi. Linali la Mulenga Chitalu, konabaki wa pakoleji ina yaing'ono, mwana wa a Ferdinand Chitalu a ku Zambia, omwe ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Kalekeni. Dzina likachoka pabolodipo, timuyo sinkamuganiziranso mwini wake.

"Liwiro ali nalo," adatero bwanayo, "koma ndacheza naye ola lathunthu, maso ali pansi. Konabaki wamantha sindimufuna."

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, a Chitalu adawagwira mkono a Kalekeni.

"Manje bwanji, achimwene, mwana anakamba bwino na bwana wanu? Ninamuuza kuti ankale na ulemu, osati kutong'olera akuluakulu maso monga mbuzi."

"Adamvera ndithu," adayankha a Kalekeni.

Lolemba adaika filimu ya Mulenga osatumidwa ndi munthu, naitana bwana uja.

"Bwana, ndiyambe ndanena kuti bambo ake ndimawadziwa. Komabe taonani apa."

Pakhoma padaoneka mdani akuponya mutu kumanzere ngati akukhotera komweko. Mulenga sadatengeke. Maso ake adali pa lamba wa mdaniyo, ndipo munthu atakhotera kumanja adampeza ali kale pomwepo. A Kalekeni adaonetsa malo asanu, onse chimodzimodzi.

"Mutu umanama, bwana, chiuno sichinama. Kwathu mwana amaphunzira kumumva munthu osamuyang'ana kumaso. Ndi ulemu umenewo, si mantha. Inenso zaka khumi ndi ziwiri zonsezi sindinakuyang'aneni m'maso."

Bwanayo adagwira tayi yake.

"Ine ndimayesa umadabwa ndi tayi yangayi, Fryson."

"Tayiyo ndi nkhani ina, bwana."

Adaseka, nauza a Kalekeni kuti abwezenso filimuyo. Itatha adatola kakhadi ka dzina kaja m'dirowa n'kukabweza pa bolodi, chakumunsi ndithu, koma kadabwerera.

Mulenga adasankhidwa chakumapeto, nasewera zaka zitatu bondo lisanamuvute. A Kalekeni adakhalabe pa makina awo mpaka 1989. Chidasintha n'chakuti filimu ya konabaki ikatha, magetsi asanayatsidwe, bwanayo ankatembenuka n'kufunsa kuti, "Nanga chiuno, Fryson?"