Odi wa Khomo Lamkati

Kukamacha, nkhungu isanachoke m'mizere ya tiyi, a Rodwell Namacha amakhala atafika kale pakachipinda kozizira kuseri kwa fakitale. Amapukuta mame kunsapato, n'kupemphera pang'ono chamumtima, kenako n'kutchera khutu kumva ngati makina agona bwino. Othyola tiyi akamadutsa ndi madengu kumsana amawaseka kuti amalondera firiji. Iwo amangokweza dzanja.

M'chipindamo muli makina awiri. Oyamba ndi nkhokwe yosungira zonse. Achiwiri amanyamula makompyuta atatu opanda thupi: ya koyezera tiyi, ya kuofesi ndi ya kukiliniki ya esiteti. Atatu onsewa amakatapa zawo kunkhokwe kudzera pa netiweki. Nkhokweyo a Namacha anaigawa zipinda, china mkati mwa chinzake, chilichonse ndi khomo lake.

"Ukatsekula khomo lakunja lokha," anafotokozera mkazi wawo, mayi Teleza, tsiku lina akusenda nthochi, "mlendo amalowa, zipinda amaziona, koma mbee, mulibe kanthu. Khomo lililonse limafuna odi wake."

"Ndiye makina anuwo analeredwa bwino kuposa ana athu," anayankha mayiwo.

Chaka chatha, mvula ili pakati, a Namacha anasamutsira kompyuta ya kukiliniki m'chipinda chatsopano chamkati. Mmawa wake nesi, a Sellah, anaimba foni.

"Achimwene, mwana wanu uja sakudzuka. Amayi adzaza pakhonde ndi makanda, mayina onse asowa. Mwakazinga?"

"Sindidya mayina, achemwali. Dikirani."

M'nkhokwe zonse zinalimo, palibe chinatayika. Chinavuta ndi mzere wa malemba umene umapereka odi wa khomo lamkati. Anauwerenga, kuuwerenganso, osaona cholakwa. Mpaka atagunditsa mphuno pagalasi m'pamene anaona kuti pamene ankati alemba chilembo china, analemba chinzake chofanana nacho. Anakonza, kiliniki inadzuka, amayi anayamba kulowa.

Koma a Namacha anadziwa kuti vuto linali maso awo. Zilembo zinali zitayamba kale kusungunuka m'mbalimbali, ndipo iwo ankanamizira fumbi. Kuchipatala ku Makwasa anawauza kuti ndi shuga, ndipo maso sadzabwerera mwakale.

Sanadandaule. Kutchalitchi amaimbabe besi, pakuti nyimbo zili pamtima. Chimene chimawasowetsa mtendere n'chakuti pa esiteti yonse palibe wina wodziwa makomo aja, lomwe lili mkati mwa liti, ndi lomwe silitsekuka lisanatsekuke linzake. Tsiku limene maso adzakane, khanda lina lidzafika pakhonde paja dzina lake lili kuseri kwa khomo lopanda woliodira.

Sizoni inatha. Tiyi anamudulira, waphukanso. Zilembo a Namacha anazikulitsa, moti mawu atatu amadzaza galasi. Pambali pawo pali mpando wachiwiri umene anabwereka kukantini, ndipo amaupukuta mmawa uliwonse, ngakhale palibe amene wabwera kudzakhalapo.

Anaubwereka tsiku limene anachokera ku Makwasa. Tsiku limenelo anapita kwa manejala, a Felix Gondwe, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Lilongwe. Anaima pakhomo, chipewa m'manja, n'kuodira. Bwanayo anawalandira bwino, anamvetsera, n'kunena kuti aona sizoni ikatha.

Pempholo linali lalifupi. "Bwana, ndipatseni munthu mmodzi, aliyense wofatsa, akhale pambali panga. Ndimuonetse makomowa ndidakaona."