Chipinda Chimene Anakonzera Amuna Anga

Amuna anga anamwalira kutangotsala milungu itatu kuti tinyamuke ulendo wa panyanja. Ulendowo unali wa anthu awiri. Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku Nkhata Bay, anali ndi pakati poyamba, ndipo bambo ake ananenetsa kuti mdzukuluyo akamuona ndi maso awo, osati kungomva za m'kalata. Vuto linali miyendo. Ku migodi ya ku Joni anabwerako msana utathyoka, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi miyendo yawo ndinali ine.

Amishoni anatipatsa njinga ya olumala, yabwino ndithu, yonyezimira. Koma amene anayendapo njira za kwathu ku Chongoni akudziwa kuti njinga yotere ndi ya pakhonde basi. Njira zathu ndi miyala, mizu ya mitengo ndi zitunda zokhazokha. Kutchalitchi, kuchipatala, ngakhale kuseri kwa nyumba, ndinkachita kuwabereka kumsana ndi nsalu ziwiri. Njingayo nthawi zambiri tinkangoanikapo mfutso.

Asisitere a ku parishi ndiwo analemba kalata ku ofesi ya sitima ya panyanja, poti anamva kuti m'sitimamo muli chipinda chimodzi cha odwala ndi olumala. Yankho linabwera ndi pepala la chidindo, dzina la amuna anga pamwamba, langa pansi pake ngati wowadwazika. Maliro atatha ndinapita kukabweza njinga ndi pepalalo. Asisitere analandira njinga, pepala anandibwezera m'manja.

“Pitani, mayi,” anatero. “Mwana wanu sanabwere ku maliro. Akufuna kukuonani, ndipo inunso mukapumeko.”

Akuchimuna anayamba ang'ung'udza, chifukwa anali asanandisudzule, ndiye kuti kundimasula pa maliro. Kwathu mkazi wamasiye sagona pabedi mpaka tsiku limenelo. Amagona pansi, ndipo sagwira chakudya cha anthu ena. Pomaliza alamu anga aakulu anati, “Mupite, koma kulikonse mukafike, pansi.” Ndinavomera mosavuta. Ine chimene ndinkafuna chinali tulo, kaya pansi kaya pamwala.

Ndinanyamula dengu la kachewere, mkeka wopinda, ndi khadi la chipani lomanga pakansalu pachifuwa, poti masiku amenewo wopanda khadi sankakwera ngakhale basi. Ndinatsika phiri pa lole mpaka ku Golomoti, n'kukwera sitima ya pamtunda kukafika ku Chipoka. Unali mwezi wa chisanu, koma kumunsi kuja ndinavula juzi thukuta lili kamukamu.

Pa doko achinyamata a malaya ofiira anayamba ationa makhadi, kenako kalaliki wa matikiti anatenga pepala langa. Analiwerenga, n'kuyang'ana miyendo yanga, n'kubwereranso pa pepala.

“Wodwala ali kuti, mayi?”

“Anamwalira, bambo. Tinaika mwezi wathawu.”

“Pepani kwambiri. Koma chipinda ndi chanu.”

“Ine ndimayenda bwinobwino. Ndipatseni malo pamene pali anzangawa.”

“Mayi, apa pali chidindo. Ine chidindo sindifufuta. Mukufuna mawa andifunse kuti ndinasinthiranji zimene akuluakulu analemba? Ana anga adya chiyani?”

Sindinalimbane naye. Nthawi imeneyo munthu sunkatsutsana ndi pepala, ndipo kunena zoona sindinafunenso kupambana.

Ndili pamzere wokwera ndinaona mayi wina wachitsikana atabereka mwamuna wamkulu kumsana, miyendo ya bamboyo ikulendewera. Sanafunike kundiuza kuti wangoyamba kumene ntchitoyo. Ankanyamula ndi chiuno m'malo mwa mawondo, ndipo pa masitepe atatu alionse ankaima n'kumupepesa amene wamunyamulayo. Ndinene chilungamo: ndinatembenuza nkhope. Amuna anga ndinkawakonda, Mulungu ndi mboni, koma tsiku limenelo sindinafune kuona ngakhale ndodo yoyendera. Ndinali nditatopa ndi olumala.

Wantchito wa m'sitima, bambo wa yunifomu yoyera, anandiperekeza pa chitseko chachikulu chotha kulowa anthu awiri ataphatikizana. Chinalibe chiundo chopunthwitsa ngati zitseko zina zonse za m'sitimamo. M'katimo munali bedi lalifupi, lofika m'mawondo, ndipo m'makoma anakhomamo zitsulo zogwirira kuchokera pabedi mpaka kukachipinda kena. Nditasuzumira ndinapeza kuti ndi chimbudzi. Chimbudzi m'nyumba momwemo, masitepe atatu kuchokera pogona, nachonso ndi zitsulo zake mbali zonse.

Ndinakwiya. Kani zinthu zoterezi zilipo pa dziko? Zaka zonse zija ine ndikutuluka m'bandakucha, chisanu cha ku Dedza chikuluma zala, munthu wamkulu ali kumsana, kuterereka m'matope kuseri kwa nyumba, pomwe kwina anthu anakhala pansi n'kuganiza za zitsulo. Ndipo zandipeza lero, mwini wake ali m'manda. Ndinagwira chitsulo chimodzi n'kuchikoka mwamphamvu kuti mwina chigwedezeke, ndipezepo chonena. Sichinagwedezeke.

Pakati pa bedi ndi chitseko anasiya malo aakulu oti njinga izitembenukirapo. Mkeka wanga unakwana pomwepo ngati anachita kuyeza. Ndinakhoma chitseko, n'kugona pansi dzuwa likadali pamutu. Mayi uja ndinamukumbukira, sindinganame. Ndinadziuza kuti ndikangopuma pang'ono ndikamufunafuna.

Ndinadzuka mawa lake dzuwa litatuluka kale. Palibe anandiitana, palibe anapempha madzi kapena kuti ndimutembenuze. Chikwatiwire sindinagonepo tulo ngati timeneto, ndipo pafupi ndi ine bedi linali chiyalire, nsalu yake yosakwinyika n'komwe. Sitima inkapendama uku ndi uku. Wantchito uja anandiuza kuti mwera unavuta, moti tinakhala nthawi yaitali titabisala kuseri kwa phiri, ndipo ku Nkhotakota tikafika masana.

Ndinatsikira kunsi, kumene kunali anthu wamba, ndi kapu yanga kukapempha madzi otentha. Kumeneko kunali matumba a chimanga, nkhuku zomanga miyendo, ana olira, ndipo pansi ponse panali chinyezi ndi masanzi. Mayi uja ndi mwamuna wake ndinawapeza pakona, pakati pa matumba. Bamboyo anagona chagada pa chikatoni. Mkazi wake anakhala tsonga, maso ali psuu, akumufunditsa chitenje m'chiuno mwa njira imene ndinaidziwa bwino. Chimbudzi cha kumeneko chinali kutali, potsika makwerero achitsulo, ndipo zinali zoonekeratu kuti sanakafikeko nthawi yake. Manyazi anandigwira, kapu ija ndinangoibisa m'nsalu.

“Mwadzuka bwanji, mayi?”

“Tadzuka, kaya inu amayi.”

“Bambowa ndi matenda?”

“Anagwa pa lole ya fodya. Tikuchokera ku chipatala chachikulu. Akuti tizipita kumudzi, basi.”

Ndinagwada n'kuwauza za chipinda, za bedi lalifupi ndi zitsulo ndi chimbudzi. Ndinati tiyeni tiwanyamule bambowa, malo angokhala. Mayiyo anayang'ana mwamuna wake nkhope itayamba kuwala. Bamboyo anapukusa mutu.

“Zikomo, amayi, koma tamva kale. Anthu akukamba muno kuti chipindacho ndi cha malemu.”

“Sanalowemo. Sanaione n'komwe sitimayi.”

“Koma dzina lawo lilipo. Bedi analiyalira iwowo. Ine ndikadali moyo, amayi. Miyendo yokha ndiyo yapita.”

Pakamwa panandiyabwa. Ndinafuna kumufunsa ngati chikatoni chonyowacho ndicho chimutalikitse moyo. Koma ndinadziwa kuti amuna anga akanayankha chimodzimodzi, mwinanso mokalipa. Munthu akatsala ndi zochepa, zochepazo amazigwiritsa. Ndinamusiya, n'kutembenukira kwa mkazi wake.

“Nanga inu?”

“Ine sindikudwala, amayi.”

“Munagona liti?”

Anayamba kuwerenga zala, n'kusiya pakati. Kuchipatala ankagona pakhonde ndi odwazika anzake, khutu lili ku wodi. Ndinamuuza kuti ntchito imeneyi ndaigwira zaka khumi ndi chimodzi, palibe chimene bambowa angachite choti chindidabwitse, ndipo ndikhala nawo ine mpaka Nkhotakota. Anakana kawiri. Kachitatu mwamuna wake ndiye ananena, osamuyang'ana, “Pita ukatsinzineko.”

Pa chitseko tinakumana ndi wantchito wa yunifomu uja.

“Mayi, chipindachi ndi cha amene analembedwa.”

“Pepala likuti anthu angati, bambo?”

“Awiri.”

“Nanga apa mukuona angati?”

Anakanda m'mutu, n'kupita kukapukuta zitsulo za kwina. M'katimo mtsikanayo anaima pakati, manja kumbuyo, akuyang'ana mkeka wanga.

“Ndigone apa?”

“Pansi ndi panga, ine wamasiye. Inu amuna anu ali moyo, kwerani pabedi.”

Anakhala m'mphepete mwake ngati mlendo kwa apongozi. Pamene ndinkapinda mkeka n'kuti atagwera kale chammbali, duku lili kumutu, mapazi akadali pansi. Ndinamukwezera miyendo n'kutseka chitseko.

Basi, ndinatsikira kwa bambo uja, n'kubwerera ku ntchito yanga yakale. Ndinapempha madzi, n'kuchapa chitenje, n'kusintha chikatoni. Chakudya chake sindinachigwire, ndinapempha mayi wina woyandikana naye kuti amupatse mbatata ndi tiyi. Mwamwayi m'sitimamo munali bambo wina wachisilamu wa sitolo ku Dedza boma, kumene ndinkagula nsalu, akupita kukapikula usipa. Iyeyo ndi mnzake ndiwo anamunyamula kupita naye kuchimbudzi, ine ndikulamula kumbuyo ngati kapitawo: m'khwapa, osati m'mikono, pindani mawondo, mutu, mutu, chitseko chimenecho n'chachifupi. Pobwera ndinamugoneka chammbali n'kumutsamiritsa ndi thumba kuti zilonda zisayambe kumsana. Dzuwa lisanafike pamutu msana wanga unali utayambiranso kuwawa pamalo pake pomwe paja.

Wolumalayo sanali wolankhulalankhula. Ankayang'ana madzi pa mpata wa matumba. Kenako anafunsa mosanditembenukira.

“Zaka khumi ndi chimodzi, amayi?”

“Eya.”

“Simunkatopa nawo?”

“Ayi,” ndinatero. “Munthu wako sutopa naye.”

Anapuma mozama, n'kutseka maso. Bodza limenelo ndinaliuzapo anthu ambiri, ansembe, apongozi, amayi a mumphakati, ndipo linkatuluka lokha ngati moni.

Ku Nkhotakota sitima inaima patali ndi mtunda, ndipo anthu ankatsikira m'boti laling'ono. Panali phokoso, matumba akuponyedwa, ana akupatsirana m'manja. Boti linapita ulendo woyamba, n'kubwera, n'kupitanso. Ine ndinali nditaima pa chitseko chachikulu chija, dzanja pa chogwirira, osatsegula. Ndinkati mtsikanayo atsinzineko pang'ono pokha. Wantchito uja anabwera akuthamanga.

“Mayi, boti lomaliza ili! Akatsala, mpaka sabata yamawa!”

Ndinalowa. Anali chigonere mmene ndinamusiyira, kukamwa kuli yasa, malovu atanyowetsa pilo. Ali m'tulo ankaoneka wamng'ono kuposa mwana wanga. Ndinamugwedeza paphewa katatu konse. Anatsegula maso n'kuyang'ana kudenga, osadziwa kumene ali.

“Tafika?”

“Mwafika. Akukudikirani.”

Sanadzuke. Anangoyang'anabe kudenga, ndipo motsitsa mawu, ngati ine palibe, anati, “Mukanangondisiya ndipitirire.”

Atangotero anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anandiyang'ana mwamantha, misozi ikuyenderera m'makutu.

“Amayi, sindimatanthauza choncho. Ndi tulo. Musakawauze.”

Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi. Kunja wantchito ankamenya chitseko.

“Sindikanena,” ndinatero. “Inenso ndinkanena. Kudimba, ndili ndekha, khasu lili m'manja. Ndinkati nditangoyenda osabwerera. Kenako ndinkasenza madzi n'kubwerera.”

Mawu amenewo ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale pokalapa kwa ansembe. Ndinamuuza mtsikana amene sindinamufunse n'komwe dzina. Anandiyang'ana kanthawi, n'kupukuta nkhope ndi m'mphepete mwa chitenje. Anadzuka, anakonza duku, n'kupita kukanyamula amuna ake.