Azungu pamzere wa nthochi

Ndinadzuka kusanache pa benchi la kutchalitchi, khosi litauma gwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo kuseri kwa nyumba nyemba zinali kale pamoto. Adzukulu anasenza makasu kulowera kumanda.

Tinkaika abambo aang'ono, amuna a mng'ono wa amayi anga. Kwawo kunali ku Mozambiki, ndipo kuno ku Namitete anabwera ngati tenanti pa esiteti ya fodya. Ntchito yolemba mbiri yawo inagwera ine, poti pabanja pathu wolowa koleji ndine ndekha. Zoti ndinatulukako ndi sutikesi yokha sitizikamba pamaliro.

Vuto linali ndime yachiwiri. Malemu ankati ali mnyamata boma lawo linawatumiza ku Jeremani ya kum'mawa, ya chikomyunizimu, kukagwira ntchito mufakitale. Ankati kumeneko azungu ankaima pamzere m'chisanu kudikira nthochi. Ankati kenako dzikolo linangotha: khoma linagwa, fakitale inatsekedwa, mzungu yemwe ankagawana naye buledi anasiya kuwayankha moni, ndipo anawakweza ndege. Mudzi wonse unkaseka. Dziko limatha ngati sopo?

Mkulu wa mpingo atawerenga pepala langa anati, "Mwanawe, pamaliro sitinenapo nthabwala." Ndinakhwatcha ndimeyo. Amayi aang'ono, amasiyewo, anaona, n'kutembenukira kukhoma.

Dzuwa linatuluka ndi ukali. Anthu anabwera pa njinga, pa ngolo, ena pa kabaza kuchokera ku Nsaru. Cha m'ma 10 koloko lole inatsitsa madoda asanu ovala majekete olemera, mmodzi ali ndi chipewa chaubweya, kutentha konse kuja. Anali atayenda kuyambira dzulo lake kuchokera kutsidya kwa malire. Tinawapatsa mipando, anakana. Anaima pakhomo wina kumbuyo kwa mnzake, mzere wowongoka womwe sindinauonepo ngakhale ku banki.

Poona nkhope, wachipewa uja anachivula. Analankhula ndi malemu m'chinenero chomveka ngati munthu akutafuna miyala, kenako m'Chichewa, mokweza:

"Watsogolanso iwe, ngati pa nthochi paja. Utisungire malo."

Aliyense anatembenukira kwa madoda aja. Ngakhale amayi a kukhitchini anasiya mbale.

Nthawi ya mbiri itakwana, ndinawerenga ndime yokhwatchidwa ija, mawu onse. Palibe anaseka. Mkulu wa mpingo anayang'anitsitsa nsapato zake ngati waziona koyamba.

Madoda aja anapempha adzukulu kuti anyamuleko bokosi, ndipo adzukulu, omwe salolera munthu wamba, anapatuka. Wonyamula wachisanu ndi chimodzi anasowa, ndiye ndinalowapo ine. Anayamba nyimbo ya m'chinenero chija, yotsika, yoyenda ndi mapazi. Miyendo yawo inkagwedera koma bokosi silinapendekeke mpaka kumanda. Khamu lonse linkatsatira mwakachetechete m'fumbi, pakati pa minda yolimidwa. Tinaika munthu amene tinakhala naye osamudziwa.

Madzulo lole inapita, mabenchi anabwerera kutchalitchi. M'nyumba munalibe mipando, inali idakali panja. Amayi aang'ono anakhala pamphasa atatambalala, n'kundiitana.

"Wawerenga bwino, mwanangu."

Anandigwira dzanja n'kupitiriza.

"Zaka zonsezi, pochoka pa bwalo anthu atawaseka, malemuwa ankandifunsa kuti, 'Koma inu mukukhulupirira, eti?' Ine ndinkati eya." Anakonza mpango wawo wakuda. "Ndinkanama."